Dongo la Magdalena

Mng'ono wanga Magdalena sadaumbepo mphika woti munthu n'kuukhazika pa mafuwa. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa anthu a kuno akamamukamba masiku ano amachita ngati adabadwa ndi luso m'manja. Ayi ndithu, luso lidali langa. Ine Elube ndi amene amayi athu adandisiyira nkhulungo yawo, kamwala kosalazira mbiya, ndipo pa msika wa pa Madisi azimayi ankadutsa mitsuko ya anthu ena kufunafuna yanga. Mtsuko wanga ukaugogoda ndi chala unkalira ngati belu. Wa Magdalena unkaphulika uli pamoto, phuu! mpaka nkhuku kubalalika.

Cholakwa chake chinkadziwika. Woumba aliyense amadziwa kuti mtapo wokhawokha sulimba pamoto. Umayenera kusinja mapale a miphika yakale, kusefa, n'kusakaniza ndi dongolo kuti likamauma lisang'ambike. Magdalena za kusinja mapale sankazifuna. Komanso sankakumba kumene tonse tinkakumba. Ankatsikira yekha kumunsi kwa dambo n'kubwerako ndi dongo lakuda bii, lomata ngati ulimbo. Ndikamufunsa chifukwa chake ankangoseka.

"Limakoma kuligwira, akulu," ankatero.

Amayi adamukalipira mpaka adatopa, kenaka adangomusiya aziumba tiziwiya ta ana a masanje.

Tidakulira m'mudzi wina kum'mawa kwa Madisi, kumene mapiri a Dowa amalumikizana ndi a Ntchisi. Pa ana asanu ndi mmodzi a amayi, tidakula awiri okha. Iye adali wofatsa, woyenda ngati palibe komwe akupita, ndipo anthu ankamukonda pa chifukwa chimene ine sindinkachiona. Ine ndinkadzuka m'mamawa kukalima, iye ankachedwa pa njira kupereka moni kwa aliyense, koma pofika madzulo woyamikiridwa adali iye. Atakwatiwa ndi Benjamini wa ku Chisepo, mlimi wa fodya amene adali ndi ngolo yakeyake, n'kumutenga chitengwa, ine ndidapuma. Munda wa amayi udatsala wonse m'manja mwanga, ndipo amayi atamwalira palibe adandifunsa za malire.

Patapita zaka zisanu ndi zinayi Magdalena adabwerera. Adafika masana dzuwa lili paliwombo, mwana mmodzi kumbuyo, wina akumukoka dzanja, mtolo wa zovala pamutu. Atatsegula pakamwa kuti andipatse moni ndidaona kuti dzino limodzi la kutsogolo palibe. Sadanene chimene chidachitika, ndipo ine sindidafunse. Adasesa m'kanyumba kakale ka amayi n'kuyala mphasa.

Malume athu, amene adali nkhoswe yake, adati banja ndi kupirira. Benjamini adatumiza mawu kawiri kuti mkazi wake abwerere, ndipo kawiri konse Magdalena adakana. Koma kukana kumafuna nkhokwe. Munthu wopanda chimanga sakana nthawi yaitali, ndipo tonse tinkadziwa kuti tsiku limene ana ake adzagone ndi njala kawiri katatu, malume adzamukweza ngolo ya ku Chisepo. Ine ndidamupatsa kachigawo ka munda ka kumtunda, ka miyala yokhayokha, kamene ngakhale nandolo ankamera monyinyirika. Ndidadzitcha wachifundo.

Nthawi imeneyo n'kuti matipate atangolowa kumene. Pa riferendamu ija nyali ndiyo idapambana, ngakhale ambiri kuno tidaponyera tambala, koma chodabwitsa n'chakuti nyaliyo itapambana, mafuta ake adakwera mtengo mpaka tidaiwala fungo la palafini. Nkhuni nazo zidatha. Anthu atamva kuti ufulu wafika adalowa m'mapiri ndi nkhwangwa, ena ofuna makala, ena mitengo ya zigafa, ena nkhuni zofukizira fodya. Pasanathe zaka ziwiri phiri la kuseri kwathu lidatsala ngati mutu wometedwa pa maliro. Tinkaphikira mapesi ndi zitsononkho, ndipo nyemba tidazisiya chifukwa zimadya moto.

Pa katchalitchi kathu padali khitchini yophikira phala la ana onyentchera, imene idayamba m'chaka cha chilala. Mayi aliyense wobwera ndi mwana ankayenera kubweretsa chikuni chimodzi. Nkhuni zitasowa, ena adayamba kukhala pakhomo ndi ana awo odwala chifukwa cha manyazi ofika chimanjamanja. Ndiye bungwe lina la ku Lilongwe lidabwera ndi nzeru yoti tiziphikira mpweya wa ndowe. Tidaseka mpaka misozi. A Kezia, amene adali wapampando wa gulu la amayi, adati tiseke titaona.

Womanga adali Gregorio, mmisiri wa njerwa wa ku Mponela amene bungwelo lidamutumiza ku maphunziro. Adakumba dzenje kuseri kwa khitchini n'kumangamo chinthu chonga chimtsuko chachikulu cha njerwa, chozondotsa, n'kuchikwirira. Mbali ina tinkathira ndowe za ng'ombe zosungunula ndi madzi, mbali ina kunkatuluka manyowa, ndipo pamwamba padachoka paipi yopita ku mbaula ya m'khitchini. Gregorio adali wokonda kulankhula. Tikamapuma pa mthunzi ankatiphunzitsa ngati ana a sukulu.

"Amayi, kupanga mpweya woyaka si nkhani," adatero tsiku lina. "Ng'ombe zimatipangira tsiku lililonse osapempha malipiro. Nkhani ndi pousunga. Kumaphunziro adatiuza kuti maiko akunja akufuna kuyendetsa magalimoto ndi mpweya wina wochokera m'madzi, dzina lake haidirojeni, kuti aleke kudalira petulo wa eni ake. Koma nawonso chawavuta n'chomwechi. Mpweyawo umapeza potulukira ngakhale m'chitsulo, ndiye akatswiri ali kalikiliki kufunafuna zipangizo zoti ziugwire. Ife kuno chathu ndi dongo."

Adationetsa pakamwa pa chimtsukocho. Padali chivundikiro cholemera cha simenti, chimene sichinkayenera kumatidwa ndi simenti inzake chifukwa nthawi zina chimafunika kutsegula. M'mphepete mwake munkafunika dongo loti mpweya usapeze mpata, ndipo pamwamba pake adamangapo ngati kabeseni koti muzikhala madzi. Adanenanso kuti amene amate bwino ndiye akhale woyang'anira. Bungwe lizimupatsa thumba la chimanga mwezi uliwonse ndi njinga, chifukwa azikamatanso zimitsuko zina zimene zinkamangidwa ku Ntchisi ndi ku Mponela.

"Za dongo tivutikirenji Elube alipo?" adatero a Kezia.

Amayi onse adavomera. Ine ndidayang'ana pansi ngati wamanyazi, koma mumtima n'kuti njingayo nditaikwera kale.

Ndidaigwira ntchitoyo monga ndikadagwirira mtsuko wa ukwati. Ndidasankha mtapo wabwino, ndidasinja mapale mpaka manja kutuluka matuza, ndidaponda masiku awiri. Nditamata, ndidasalaza ndi nkhulungo mpaka dongo kuwala, n'kulembapo timizere tokongoletsa ngati ta pakhosi pa mbiya. Gregorio adathira madzi m'kabeseni kaja n'kundiuza kuti asamaphwe. Ndidavomera ndi mutu. Iye atangokwera basi kupita ku Mponela kukatenga zitsulo za mbaula, ine ndidakapa madzi onse ndi chikho. Kodi ndi woumba uti amene amasiya ntchito yake m'madzi? Dongo limalimba likauma, zimenezo ndidazidziwa ndisanamere mano achiwiri. Ndidafunditsa masamba a nthochi kuti liume pang'onopang'ono, n'kunena mumtima kuti mmisiri wa njerwa asandiphunzitse zanga.

Atabwerako adayatsa machesi pa mbaula, zii. Adapita kuseri, adachotsa masamba aja, n'kundiyang'ana. Atathira madzi, thovu lidayamba kutumphuka kuzungulira chivundikiro chonse, fungo lake ngati la mazira owola. Ndidati vuto ndi simenti yake. Adandilola kuyesanso, ndipo ulendo wachiwiriwu madzi ndidawasiya, koma mapale sindikadawasiya ayi. Thovu lidachepa koma silidathe. Linkatuluka pang'onopang'ono, apa ndi apo, ngati likundinena.

Masiku onsewo Magdalena ankangosenza ndowe pamodzi ndi amayi ena. Tsiku limenelo adaika chidebe chake pansi n'kupukuta manja pa chitenje.

"Bambo, ndiyeseko langa?"

Amayi adaseka, ndipo woseka kwambiri ndidali ine.

"Iwe, miphika yako ija yoopseza nkhuku? Ufuna tiphulike tonse pano?"

Gregorio adati kuyesa sikulakwa. Magdalena adatsikira ku dambo n'kubwera ndi dongo lake lija m'thumba la feteleza. Sadasefe, sadasakanize ndi kanthu. Adangolikanya pang'ono n'kuyamba kulikanikiza m'mphepete ndi zala, kupaka paliponse monga mwana amene akusewera ndi matope. Ntchito yonyansa ngati imeneyo sindidaionepo. Adathira madzi, tonse tidaweramira kabeseni kaja, ndipo madziwo adangoti bata. Tidadikira mpaka misana kuwawa, thovu osaoneka ngakhale limodzi.

Patatha masiku atatu a Kezia adatsegula mpopi wa mbaula, Gregorio n'kuyandikiza machesi. Moto udati bvu! wabuluu, wopanda utsi, wopanda phulusa. Nthungululu zidamveka mpaka kumsewu. Amayi adamunyamula Magdalena m'mwamba, iye akuseka ndi mpata wake wa dzino uja, akubisa pakamwa ndi dzanja. Gregorio adafuna kundipepesa koma adangowonjezera mchere pa chilonda.

"Musadandaule, mayi Elube. Dongo lanu ndi la pamoto, mapale aja amasiya timipata topumira. Ili la ang'ono anu ndi la m'madzi. Likakhala lonyowa silidutsa kanthu."

Ndidawomba nawo m'manja. Ndikufika kunyumba ndidamenya galu amene sadalakwe chilichonse.

Kuyambira pamenepo mng'ono wanga adasanduka mayi wa gasi. Adaphunzira njinga pa bwalo la tchalitchi, kugwa n'kudzuka, anthu akumulimbikitsa ngati akuchita zanzeru. Ankamanga thumba la dongo pa kaliyala n'kupita ku Mponela, ku Ntchisi, mpaka kufupi ndi kwawo kwa mwamuna wake, kumene ankadutsa osatsika. Ana ake adayamba kusalala. Amayi amene adaleka kubwera ndi ana ku phala adabwereranso, chifukwa chikuni sichinkafunikanso, ndipo aliyense ankati Mulungu amudalitse Magdalena. Benjamini atatumiza mawu kachitatu, iye adayankha malume ali chiimire.

"Mukawauze kuti ndili pa ntchito."

Malume adakanda mutu n'kubwerera. Munthu wodya chimanga chake sakakamizika.

Ine zanga zinkalowa pansi. Nkhuni zowotchera mbiya zidasowa, ndipo pa msika padadzaza zidebe za pulasitiki ndi mapoto a chitsulo. Ndinkakhala tsiku lonse pa Madisi ndi mitsuko yanga yolira ngati belu, anthu akuigogoda, kuiyamikira, n'kukagula ndowa. Madzulo ndikubwerera wapansi ndi katundu yemweyo pamutu, ndinkamva belu la njinga kumbuyo, ngiringiri, ndipo ndinkadziwa kuti ndi ndani. Ankatsika n'kunena kuti ndiike mitsukoyo pa kaliyala. Ndinkakana. Akachokera ku ulendo ankandibweretsera shuga kapena sopo, ndipo ndinkalandira ndi manja awiri mtima ukuwira. Nsanje ndi matenda oipa, munthu akakupatsa shuga umamva ngati wakutukwana. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti sadadzitame ngakhale tsiku limodzi. Akadadzitama ndikadapeza pomugwira.

Zidayenda choncho chaka chathunthu. Mu Okutobala wa chaka chotsatira, dzuwa likuswa mtengo, Gregorio adamuitana kuti apite naye ku Ntchisi kukamata zimitsuko ziwiri zatsopano. Udali ulendo wa masiku asanu. M'mawa wa Lolemba adafika pakhomo panga akukankha njinga, adandipeza ndikusesa.

"Akulu, ndapota nanu. Ndowe azithira amayi a gulu monga mwa masiku onse, koma madzi a pa chivundikiro aja ndi anga. Chidebe chimodzi m'mawa, china madzulo. Dzuwa ili likumwa madzi ngati ng'ombe. Ndiye Lachisanu kukubwera alendo a bungwe kudzaona mmene tikuphikira."

"Wawauza a Kezia?"

"Ndiuzirenji ena inu mulipo? Chibale n'chiyani nanga?"

"Pita, ndithira."

Palibe wina adamva. Malowo adali otchingidwa ndi mpanda wa minga chifukwa cha mbuzi, ndipo ankalowamo ndi woyang'anira yekha.

Lolemba ndidathira kawiri. Lachiwiri m'mawa ndidathira. Madzulo ake ndili pa mjigo, chidebe chikudzaza, ndidamva amayi awiri akunong'onezana kumbuyo kwanga. Mmodzi adati masiku ano dziko latembenuka, mwini nkhulungo akutungira madzi woumba za masanje. Winayo adati nanga n'kutani, tsabola wakale sawawa. Kaya adadziwa bwanji kumene ndinkapita ndi madziwo, mwina adangondiona ndikulowera kuseri kwa khitchini. Ndidasenza chidebe changa, ndidafika pa mphambano ya kutchalitchi, miyendo n'kundikhotetsera kwathu. Madziwo ndidatsukira mbale.

Lachitatu sindidapiteko. Lachinayi ndidapita wopanda chidebe, kukangoona. M'kabeseni mudali mouma gwa, ndipo dongo lakuda lija lidali litatuwa n'kuyamba ming'alu yopyapyala ngati tsitsi. Ndidagwada n'kuiyang'anitsitsa. Ndisaname, ndidakondwa. Ndidati ehe, nalonso limang'ambika, anthu aone kuti si mankhwala. Ndinkadziuza kuti ndikungofuna achite manyazi pang'ono, alawe chimene ine ndidalawa tsiku la thovu lija. Za thumba la chimanga ndi ngolo ya ku Chisepo ndinkazidziwa bwinobwino, koma ndidazikankhira kuseri kwa mtima. Mjigo udali pafupi, ndikadatha kuthamanga. Ndidatseka kachitseko ka minga n'kupita kwathu.

Panalibe wozindikira, chifukwa a Kezia adali atalamula kuti kuyambira Lachitatu phala liphikidwe ndi mapesi, gasi asungidwe kuti alendo adzaone moto wamphamvu.

Lachisanu galimoto idafika cha m'ma teni. Amayi tidavala zitenje zofanana, tidaimba, ana adakhala pamzere ndi makapu awo. Alendo adali anayi, ndi makope m'manja, ndipo adanena kuti akaona zikuyenda bwino amanganso china pa sukulu. A Kezia adalankhula mawu okoma, adatsegula mpopi, adakhwatcha machesi. Palibe. Adakhwatcha ena, adayandikiza khutu pa mbaula, adakhwatchanso mpaka bokosi kutha. Mlendo mmodzi adazungulira kuseri n'kubwerako atagwira mphuno. Phala lidaphikidwa pa mafuwa, utsi wa mapesi uli tolotolo, alendo akutsokomola. Adalemba zolemba zawo n'kunyamuka osalawa nkhuku imene tidawaphera. A Kezia adakhala pa benchi atakwiya kwambiri. Ine ndidathandiza nawo kutsuka makapu.

Magdalena adafika Loweruka. Adamva nkhaniyo ali pa msewu, ndipo sadabwere kwa ine. Adapita kukagwetsa dongo louma lija n'kumata lina. Lamulungu mapemphero atatha, gulu lidakhala pansi pa mtengo wa mango, Gregorio ali pomwepo. Ine ndidakhala kumapeto kwa mphasa.

"Amake ana, lamulo mukulidziwa," adayamba a Kezia. "Woyang'anira akachoka amasiya munthu. Inu munasiya ndani?"

Amayi awiri a pa mjigo aja adandiponyera diso. Ndidakonzeka kukana. Mawu ndidali nditawasanja kale: sanandiuze bwino, ndimayesa akunena tsiku limodzi, ndinadwala mutu. Magdalena sadandiyang'ane n'komwe. Adayang'ana zala zake, zimene zidali zikadali zakuda ndi dongo m'zikhadabo.

"Sindinasiye munthu. Ndinaiwala."

"Mayi Magdalena, inu kuiwala madzi?" adafunsa Gregorio. "Inu amene mumabwerera pa njira kukaona ngati mbuzi sizinamwe?"

"Ndinaiwala, bambo. Ndinanyamuka mothamanga."

Mmodzi wa amayi a pa mjigo adayamba kunena kuti koma iye Lachiwiri adaona, ndipo Magdalena adamudula.

"Akulu anga anangothirako mwa chifundo chawo atadutsa. Sindinawatume."

Pamenepo ndi pamene ndikadalankhula. Pakamwa ndidatsegula ndithu, koma chimene chidatuluka ndi chifuwa. Ndidatsokomola n'kukonza mpango kumutu.

A Kezia adati manyazi amene mudzi udachita ndi aakulu, sukulu yataya mwayi, ndipo munthu woyendayenda sangasunge chinthu cha gulu. Gregorio adamupepesera koma amayi adali atapsa mtima. Adamulanda ntchito, njinga ndi thumba lomwe. Kenaka wina adafunsa kuti nanga wodziwa dongo wina ndani, ndipo mitu yonse idatembenukira kwa ine. Adandiwombera m'manja. Njinga imene ndidailota chaka chonse ndidapita nayo kwathu chokankha, chifukwa sindinkadziwa kukwera.

Chimanga chimene adasunga chidamufikitsa mu Disembala. Ndikadatha kumugawira munda, theka lake lidali lakenso mwa kubadwa. Ndidati fodya ndaokera kale, tiona chaka chamawa. Ndikadatha kumupatsa thumba la bungwe lija. Ndidamupatsira lichero limodzi kawiri, ndipo kawiri konse adagwada pothokoza. Chilungamo chake n'chakuti ndinkafuna achoke. Nkhope yake sindinkatha kuiona. Ndikamva mawu ake pa mjigo ndinkabwerera ndi chidebe chopanda madzi. Malume atabwera kachinayi ndi mawu a ku Chisepo, akuti bamboyo wasintha ndipo mowa adasiya, Magdalena sadaimirire. Adakhala pansi, adamvetsera, n'kunena kuti ngolo ibwere Loweruka.

M'mawa wa tsikulo adandipeza pa khonde.

"Akulu, tiyeni kutchalitchi ndikakuonetseni. Ngolo ifika dzuwa likakwera."

Ndidamutsatira ngati mwana. Pansi pa nthochi za kuseri kwa khitchini adafukula matumba atatu a dongo lake, okulungidwa bwino kuti lisaume. Adandiuza pamene limapezeka ku dambo, adandionetsa mmene ndizilikanyira, adagwira zala zanga n'kuzikanikiza m'mphepete mwa chivundikiro kuti ndimve pamene mpata umabisala. Ine amene ndidaumba mbiya zaka makumi atatu ndidaphunzitsidwa ndi iye, ndipo adaphunzitsa bwino, mosafulumira.

"Mapale ayi, akulu. Ngakhale dzanja likuyabweni."

Adaseka pang'ono, ine osatha kuseka. Ndidafuna kunena kanthu. Ndidayamba ndi kuti iwe Magdalena, tsiku lija, koma iye adanyamula chidebe n'kuthira madzi m'kabeseni mpaka kudzaza, phokoso la madziwo n'kumiza mawu anga. Ndikukhulupirira kuti adachita dala.

Kumsewu kudamveka mabelu a ng'ombe. Benjamini adatsika pa ngolo, adavula chipewa n'kundipatsa moni waulemu, alamu mwadzuka bwanji. Adali atanenepa, ndipo maso ake adali ofiira m'mawa womwewo. Ana adayandikira ngoloyo mwakachetechete, wamkulu atagwira siketi ya amake. Katundu adali mtolo womwe uja adabwera nawo, ndi mphasa.

Ndidamuyang'ana mng'ono wanga akumanga chitenje m'chiuno, ndipo ndinene poyera kuti ngakhale pamenepo nsanje siidandichoke. Ntchito idali yanga, njinga yanga, munda wonse wanga, koma iye ankapita ndi mtima woyera, chinthu chimene sindikadatha kumulanda ngakhale nditafuna. Ku Chisepo adakakhalako zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo kuno adangobwerako pa maliro a malume ndi pa ake omwe.

Asanakwere adabwerera masitepe awiri, adandipatsira chidebe chija m'manja, n'kulankhula motsitsa kuti mwamuna wake asamve.

"Musamaiwale madzi, akulu. Ulendo uno mukaiwala, palibenso woti anene kuti ndi iye."

Benjamini adakwapula ng'ombe, ngolo n'kunyamuka.